Basavanna anali ndani kwenikweni, mlakatuli, nduna ya mfumu kapena mneneri?

Funso la lero lachokera kwa mlongo wathu wina amene amakhala ku London. Akuti tsiku lina akuchokera kuntchito anadutsa m'mbali mwa mtsinje wa Thames cha ku Lambeth, ndiye anaona chiboliboli cha munthu wa ku India, pansi pake palembedwa dzina loti Basaveshwara. Atafika kunyumba anafufuza pa foni n'kupeza ndakatulo zake zingapo, koma zamusiya ndi mafunso. Walemba kuti: "Izitu zikungomveka ngati munthu akuyankhula wamba, zina ngati akukalipa kumene. Ameneyu anali mlakatuli, wandale kapena mneneri? Nanga amamutamanda chonchi chifukwa chani?"

Achemwali, zikomo kwambiri pofunsa, ndipo ndikuuzeni poyambirira kuti khutu lanu silinakunamizeni ayi. Zimene mwamvazo kuti zikungomveka ngati munthu akuyankhula, ndiye mmene mwini wakeyo ankafunira. Ndakatulo zimenezi m'chiyankhulo cha Kannada amazitcha vachana, ndipo mawuwa tanthauzo lake ndi chonenedwa basi, choyankhulidwa. Zonse zitatu mwatchulazo zilimo mwa munthu ameneyu, koma ine mmene ndamuwerengera zaka zonsezi ndimaona kuti mayankhulidwe ake wambawo ndi moyo wake ndi chinthu chimodzi, simungazilekanitse, anasankha kuyankhula ndi Mulungu m'mawu a wochapa zovala ndi wosoka nsapato chifukwa ankakhulupirira kuti anthu amenewa Mulungu ali nawo pafupi chimodzimodzi wansembe, ndipo chikhulupiriro chimenechi chinadzamutayitsa udindo ndi anzake omwe.

Tiyambe ndi malo. Kannada amayankhula kummwera kwa India, makamaka m'chigawo cha Karnataka komwe kuli mzinda wa Bengaluru, ndipo anthu ake ndi oposa 40 miliyoni. Basavanna anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 1100. Dzina lake ndi Basava, "anna" winayo ndi mawu aulemu otanthauza mkulu wako wamwamuna, ngati mmene ife timanenera achimwene, pomwe Basaveshwara munaona pa chibolibolipo ndi dzina lomwelo koma lomukweza kwambiri. Mabuku ambiri amaika kubadwa kwake mu 1131, ena amati cha m'ma 1105, kumudzi wa Bagewadi womwe lero uli m'boma la Vijayapura. Makolo ake anali a Brahmin, gulu la ansembe, opembedza Shiva, mmodzi mwa milungu ikuluikulu ya Ahindu, ndiye kuti anabadwira pamwamba penipeni pa dongosolo lija amati caste, pomwe munthu ntchito yake, womukwatira, wodya naye mbale imodzi, olo chitsime chotungapo madzi, zonse zimadziwika tsiku lomwe wabadwa. Pansi penipeni panali anthu amene ankati ukawakhudza wadetsedwa, monga ofufuta zikopa.

Mnyamata wa Brahmin akamakula amavekedwa ulusi wopatulika wodutsa paphewa, chizindikiro choti iye ndi wobadwa kawiri. Olemba mbiri yake akale amagwirizana kuti Basava anawukana ulusiwu, amangosiyana pa msinkhu. Palkuriki Somanatha, amene analemba m'chiyankhulo cha Telugu m'zaka za m'ma 1200, amati anakana mwambowo ali ndi zaka 8, pomwe mlakatuli Harihara wa Kannada amati anauvula n'kuutaya ali ndi zaka 16. Atachoka kwawo anapita ku Kudalasangama, malo amene mitsinje iwiri, Krishna ndi Malaprabha, imakumana, ndipo anakhala kumeneko zaka zambiri akuphunzira. Malo amenewa muwasunge m'mutu chifukwa ndakatulo yake iliyonse imatchula dzina loti Kudalasangamadeva, kutanthauza Ambuye wa pokumana mitsinje. Alakatuli onse a vachana ankatero, aliyense anali ndi dzina lake loitanira Shiva, ndipo dzinalo ndi limene limakuuzani kuti ndakatulo iyi ndi ya uje, ngati siginecha. Akka Mahadevi ankati Chennamallikarjuna, Allama Prabhu ankati Guheshvara.

Kenako analowa ntchito kwa Bijjala, mfumu ya banja la Kalachuri, poyamba ngati wowerengera chuma, n'kukwera mpaka kukhala msungichuma wamkulu. Bijjala ameneyu poyamba anali pansi pa mafumu a Chalukya koma cha m'ma 1160 anawalanda likulu lawo la Kalyana, lomwe masiku ano limatchedwa Basavakalyan, m'boma la Bidar. Nde taganizani, munthu masana ali ndi makiyi a chuma cha ufumu, madzulo pakhomo pake padzaza ochapa zovala, oomba nsalu, owolotsa anthu pa bwato, akudya limodzi. Anzake omwe ankamunena kuti iwe ukutumikiranji mfumu yosakhulupirira, ndipo pali vachana ina pomwe akuyankha mopwetekedwa mtima kuti inde akunena kuti ndimakhala pansi pa mpando wa Bijjala, koma ngati ndimachitira mimba yanga mutu wanga udulidwe, ndimagwirira anthu anu. Ine ndakatulo ngati zimenezi ndi zimene zimandikoka kwa iye kuposa zotchuka zija, chifukwa mumamva munthu amene sakugona, amene akudzifunsa ngati manja ake ali oyera.

Tsono ku mbali ya funso lanu yoti kodi anali mlakatuli. Kannada inali kale ndi alakatuli akuluakulu Basava asanabadwe. Pampa analemba m'zaka za m'ma 900, ndipo ntchito yake ndi yapamwamba zedi, koma inali ndakatulo ya kunyumba ya mfumu, yodzaza mawu a Sanskrit, chiyankhulo chakale cha anthu ophunzira, yotsata malamulo okhwima a kayezedwe ka mizere, munthu wosapita kusukulu sakanaitola. Anthu a vachana anazisiya zonsezo. Sanali oyamba a Basava, kunali ena patsogolo pake monga Jedara Dasimayya woomba nsalu ndi Madara Chennayya wosoka nsapato, koma mu nthawi yake ndi mmene zinasefukira. Kusatsata malamulo a mizere sikutanthauza kuti mulibe nyimbo. Tamvani mmene imodzi yotchuka kwambiri imayambira m'chiyankhulo chake, muiwerenge mokweza olo simukumva tanthauzo: "Kalabeda, kolabeda, husiya nudiyalu beda." Mawu akuti beda akutanthauza osatero, ndipo amagunda kumapeto kwa mzere uliwonse ngati munsi mu mtondo. M'Chichewa ndingaiike chonchi:

Usabe, usaphe, usaname,
usapse mtima, usanyansidwe ndi anzako,
usadzitame, usanyoze wina.
Kuyera kwa mkati ndi kumeneku, kuyera kwa kunja ndi kumeneku,
njira yokondweretsa Kudalasangamadeva ndi imeneyi.

Mukaiwerenga mu Chingerezi pa foni kugunda kuja kumatayika, imangotsala ngati malamulo opachika pakhoma la kalasi, mwina n'chifukwa chake zinakuzizirani. Komanso pali china chimene ife a kunja sitingachione msanga. M'dziko limene kuyera kunali nkhani ya amene wakukhudza, chimene wadya, kangati wasamba, munthu wobadwa Brahmin akuimirira n'kunena kuti kuyera konse, kwa mkati ndi kwa kunja komwe, ndi kusaba ndi kusanama, ameneyo wagwetsa mpanda wonse ndi mizere isanu.

Imene ndimaikonda koposa ndi iyi, ndipo ndikhalapo pang'ono:

Olemera amangira Shiva akachisi,
nanga ine mmphawi ndichite chani?
Miyendo yangayi ndiyo mizati,
thupi langali ndiye kachisi,
mutu wangawu ndiyo nsonga yagolide.
Tamvani, Kudalasangamadeva,
chokhazikika chili ndi mathero,
choyenda chilibe mathero.

Mizere iwiri yomalizayo ili ndi mawu awiri amene anyamula nzeru yake yonse, sthavara ndi jangama. Sthavara ndi chinthu choima malo amodzi, nyumba, mwala, fano la m'kachisi. Jangama ndi choyenda, chamoyo, komanso ndi dzina la mtumiki wa Shiva woyendayenda wopanda pokhala. Nthawi imeneyo akachisi anali ndi minda, chuma, antchito, mafumu ndi amalonda ankapikisana kuwamanga, ndipo munthu wa pansi uja olo atasenza miyala yomangira kachisiyo sankaloledwa kulowamo. Ndiye Basava sakupempha kuti chonde atsegulireni chitseko ayi, akuti kachisiyo ali naye kale, wayenda naye kuchokera kunyumba. Ndipo sizinathere pa mawu. Otsatira ake, amene lero amatchedwa a Lingayat, aliyense amavala kamwala kakang'ono kozungulira kotchedwa ishtalinga, chizindikiro cha Shiva, m'kabokosi kasiliva kapena kokulungidwa m'kansalu, kolendewera pachifuwa. Ikakwana nthawi yopemphera munthu amakhala pansi, amakatulutsa, amakaika pachikhatho cha dzanja lamanzere, kukasambitsa ndi timadzi pang'ono, kukapukuta, kuikapo phulusa loyera ndi kaduwa, kenako amakweza dzanjalo kufupi ndi maso n'kukayang'anitsitsa phee. Palibe wansembe pakati, palibe chitseko chotseka. Mwamuna, mkazi, mwana, aliyense ali ndi kake.

Kukalipa munamva kuja kulipodi, ndipo ankakalipa ndi zinthu zooneka ndi maso. Pena amati akaona njoka yosema pamwala amati ithirireni mkaka, ikatulukira njoka yeniyeni amati iphani, akabwera mtumiki wa Mulungu wanjala amati choka apa, koma fano losadya ndi limene amaliikira chakudya. Pena amawerenga milungu ya anthu, mphika mulungu, lichero mulungu, mwala wa pamsewu mulungu, chipeso mulungu, chingwe cha uta mulungu, milungu mbwee mpaka kusowa poponda. Apa ndinene chilungamo, chifukwa masiku ano ena amamujambula ngati munthu wolola chilichonse. Sanali choncho. Pa nkhani ya Shiva anali wouma, milungu ina sankaiwerengera, ndipo pali mizere ina yoluma kwa opembedza mosiyana naye imene ine sindingaiikire kumbuyo. Kufanana kumene ankalalikira kunali koti aliyense amene wavala linga ndi m'bale wako, kaya anabadwira kuti. Chachikulu n'choti khomo lolowera linali lotsegukira aliyense, ndipo mu nthawi imeneyo chimenecho chokha chinali chokwana kugwedeza ufumu.

Koma amene ankamukalipira kwambiri ndi iye mwini. Amati mtima wake uli ngati nyani wodumpha nthambi iyi ndi iyo. Amapempha Mulungu kuti mundipundule ndisamayende uku ndi uku, mundichititse khungu ndisamayang'ane kwina, mundigonthetse ndisamve zina. Penanso, mofatsa tsopano, amati thupi langa mulisandutse mtengo wa choimbira, mutu ukhale chikho chake, mitsempha ikhale zingwe, zala zikhale zokhwatchira, mundikumbatire pachifuwa n'kuimba. Amene munaonapo kaligo mukumva bwino chithunzi chimenechi. Ndipo pali ina imene kwa Brahmin inali ngati kudzivula pagulu, pomwe akunena kuti mnyamata wa wantchito wa kwa Chennayya ndi mtsikana wa wantchito wa kwa Kakkayya anapita kutchire kukatola ndowe, n'kugona limodzi, mwana anabadwa pamenepoyo ndine. Chennayya anali wosoka nsapato, Kakkayya wofufuta zikopa. Munthu akukana magazi ake apamwamba n'kudzisankhira makolo pakati pa onyozeka a onyozeka. Ina yofanana nayo imapempha kuti anthu asamati uyu ngwa kwa yani, uyu ngwa kwa yani, koma azinena kuti uyu ngwathu, uyu ngwathu, mwana wa m'nyumba mwanu. Funso loti ngwa kwa yani ife timalidziwa, nthawi zina limafunsidwa mwachikondi, nthawi zina limafunsidwa pofuna kudziwa ngati munthuyo ndi woyenera kumupatsa mpando.

Ku Kalyana kunali bwalo lotchedwa Anubhava Mantapa, tingati bwalo la zimene munthu wakumana nazo yekha, pomwe ankakumana kukambirana za Mulungu ndi za moyo, wapampando anali Allama Prabhu, amene ndakatulo zake ndi zozama ngati zilape, zosiyana kutalitali ndi za Basava. Akazi ankayankhula nawo, ndipo mavachana a akazi oposa 30 alipo mpaka lero. Andale a ku India amakonda kunena kuti imeneyi inali nyumba ya malamulo yoyamba padziko, ndipo n'chifukwa china chiboliboli cha ku London chija chili moyang'anana ndi nyumba ya malamulo ya Britain, anachivundukula nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, mu November 2015. Ine mawu amenewo ndimawaona kuti akuwonjeza. Sankapanga malamulo kapena kuvota, ndipo zambiri za zokambirana zawozo timaziwerenga m'buku la Shunyasampadane limene linasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 1400, patapita zaka pafupifupi 300. Chimene sichikusowa kuwonjezera ndi ichi, tili ndi ndakatulo za wochapa zovala Madivala Machideva, za wopalasa bwato Ambigara Chowdayya, za mayi wotola mpunga, zosainidwa ndi eni ake, kuchokera m'zaka za m'ma 1100. Zimenezi n'zosowa kwambiri m'mbiri ya zolemba kulikonse.

Mayi wotola mpunga ndatchulayo ndi Aydakki Lakkamma, ndipo nkhani yake ikufotokozerani mawu awiri amene mukumane nawo paliponse mukawerenga za anthu amenewa, kayaka ndi dasoha. Kayaka ndi ntchito ya manja ako yogwiridwa moona mtima ngati pemphero, dasoha ndi kugawana zimene wapezazo ndi gulu. Iye ndi mwamuna wake Marayya ankakhalira kutola njere za mpunga zotayika pansi. Amafotokoza kuti tsiku lina bamboyo anabwera ndi mpunga wochuluka kuposa wa masiku onse, mayiyo m'malo mosangalala anamuuza kuti dyera ndi la mafumu, si la anthu a Shiva, kabwezeni wotsalawo. Mawu otchuka oti kayakave Kailasa, ntchito ndiyo kumwamba kwa Shiva, amene ambiri amangoti ndi a Basava, amapezeka mu vachana ya Marayya yemweyu.

Mathero ake ndi omvetsa chisoni. Mabuku a mwambo wawo amafotokoza kuti Madhuvarasa, wobadwa Brahmin, anapereka mwana wake wamkazi kwa mwana wa Haralayya wosoka nsapato, poti onse anali atavala linga panalibenso chowaletsa. Kwa osunga mwambo wakale ichi chinali chonyansa choposa zonse, mkazi wapamwamba kukwatiwa ndi mwamuna wa pansi, ndipo anakadandaula kwa mfumu. Bijjala analamula kuti abambo awiriwo akolowoledwe maso n'kukokedwa m'misewu mpaka kufa. Mzinda unawira, anthu ena a gululo anabwezera, Bijjala anaphedwa, otsatira a Basava anasakidwa n'kubalalika. Zimenezi zimaikidwa cha mu 1167 kapena 1168. Basava anali atachoka ku Kalyana kubwerera ku Kudalasangama kuja anayambira, ndipo anamwalira komweko pasanapite nthawi, otsatira ake amati analowa mwa Ambuye wake. Munthu amene analemba kuti usaphe, amene anafunsa kuti chipembedzo chopanda chifundo n'chipembedzo chanji, anaona zimene anamanga zikuthera m'magazi, ndipo ndikamawerenga mavachana ake odzikayikira aja ndimawerenga ndikudziwa zimenezi.

Zolembazo zinapulumuka pa masamba a mgwalangwa, othawa aja anazinyamula, kenako zinasungidwa m'nyumba za anthu ndi m'nyumba za amonke awo kwa zaka mazanamazana, zina zikudyedwa ndi chiswe. Amene tiyenera kumuthokoza kwambiri ndi loya wina wa ku Bijapur, F. G. Halakatti, amene anabadwa mu 1880 n'kumwalira mu 1964. Anayenda khomo ndi khomo kupempha mitolo ya masambayo, kukopera, mpaka kutsegula makina akeake osindikizira. Lero mavachana otchedwa a Basavanna ndi oposa 1,000. Kunja kwa India ambiri anawadziwira m'buku la A. K. Ramanujan lotchedwa Speaking of Siva la 1973, ndipo ngati mukufuna poyambira, yambirani pamenepo, muli Basavanna, Dasimayya, Akka Mahadevi ndi Allama Prabhu.

Za uneneri zija, a Lingayat ambiri amamutenga ngati woyambitsa chipembedzo chawo, ena amati chinalipo kale iye anangochitsitsimutsa, ndipo mkangano woti kodi iwo ndi Ahindu kapena chipembedzo paokha udakali wamoto, mu 2018 boma la Karnataka linapempha kuti azindikiridwe paokha koma boma lalikulu la India linakana. Miyambo ina imawasiyanitsadi, akufa awo amawaika m'manda osati kuwotcha, ndipo chiphunzitso chawo chimalola mkazi wamasiye kukwatiwanso. Chimene chimandipweteka ine n'choti caste imene Basava anaikana inabwereranso mwakachetechete pakati pa otsatira ake omwe, magulu apamwamba ndi apansi alipo, ukwati ngati wa ana a Haralayya ndi Madhuvarasa olo lero ungavute m'mabanja ambiri. Ku Basavakalyan anamumangira chiboliboli chotalika mafiti 108, ndipo sindikunyoza chikondi cha amene anachimanga, koma ndikachiona pa chithunzi mizere ija ya chokhazikika ndi choyenda imandibwerera yokha. Akatswiri ofufuza zolembazi nawonso sizinawayendere mophweka, M. M. Kalburgi, mmodzi mwa odziwa mavachana kwambiri, anawomberedwa pakhomo pake ku Dharwad mu August 2015, miyezi yochepa chiboliboli munaonacho chisanavundukulidwe.

Ndiye achemwali, chimene ndingakupempheni ndi ichi. Musaziwerenge zambiri nthawi imodzi, tengani imodzi kapena ziwiri, muwerenge mokweza, kenako fufuzani pa YouTube mumve akuiimba mu Kannada, chifukwa ku Karnataka mavachana amaimbidwa, ana amawaloweza kusukulu, ndipo pa Basava Jayanti, tsiku lokumbukira kubadwa kwake limene limagwa mu April kapena May, amamveka paliponse. Mukadzapeza mwayi wofika ku India, Kudalasangama ili m'boma la Bagalkot. Madzi a damu anakwera n'kuzungulira malo amene amati ndi pomwe anathera, ndiye anamanga khoma lozungulira ngati chitsime chachikulu kuti asamire, mumawoloka kamlatho kenako n'kutsika masitepe mkati mwake, mtsinje uli mbali zonse kuseri kwa khomalo, pansi penipeni n'kupeza kanyumba kakang'ono kokhala ndi linga.